Kwa Esinati, Popita ku Mayeso Amene Anandigwetsa Ine

Kwa Kapichila, Lundazi
Lachinayi masana

Mwana wanga Esinati,

Ndathawira m'chigafa cha fodya kuti ndilembe kalatayi, chifukwa kunyumba kulibe pokhala. Amayi ako adzaza khonde lonse ndi malichero a mtedza, akukazinga kamba wokwanira anthu khumi ngakhale woyenda ndiwe wekha, ndipo azakhali ako akhalira bokosi lako kuti litsekeke. Ndikati ndiyankhule, akundiuza kuti ndikuwatsekera njira. Ndiye ndati ndingolemba. Ndikupatsa mawa pokwera lole. Usaitsegule lole isanachoke pa boma, chifukwa muli zinthu zoti ukaziwerenga ndili pafupi udzandiseka pamaso pa anthu, ine mphunzitsi wa mudzi wonse.

Ndalemba m'Chinyanja, osati m'Chitumbuka chathu cha pakhomo, chifukwa kumene ukupitako adzakufunsa m'Chinyanja ndi m'Chingerezi. Ukapeza pamene ndalakwitsa, tenga pensulo ukonze. Ndiyo ntchito yako kuyambira tsopano, ndipo si zoipa kuyambira pa atate ako.

Chimene chakutuma ukuchidziwa. Ndaphunzitsa m'kasukulu kathu ka udzu zaka makumi awiri ndilibe setifiketi, ndipo kale palibe amene ankafunsa. Tsopano akuluakulu a mishoni anena poyera kuti sukulu yopanda mphunzitsi wa setifiketi ya boma idzatsala ndi ana a ABC okha, makalasi enawo adzawasamutsira kutali. Anyamata adzayenda, miyendo ali nayo. Koma atsikana? Iwe ukuwadziwa makolo akuno. Palibe amene adzalole mwana wake wamkazi kudutsa tchire lonse lija m'mawa uliwonse. Adzati akhale pakhomo azisinja. Choncho miyezi itatu imene ukukakhala ku sukulu ya aphunzitsi ku Fotijemisoni, ndi sabata ya mayeso yobwera pamapeto pake, si zako wekha. Koma sindikufuna kuti upite utasenza mudzi wonse pamutu, khosi lingathyoke. Ndikufuna upite ukuseka. N'chifukwa chake ndikuuza mmene ine ndinayendera pa mayeso omwewo, iwe uli ndi zaka zisanu. Anthu amapatsa ana awo nzeru za zimene anachita bwino. Ine zimenezo ndili nazo zochepa, koma zolakwa ndili ndi nkhokwe yodzaza.

Nthawi imeneyo kunalibe lole ya makalata yoti munthu wakuda n'kukwera. Tinayenda pansi masiku asanu ndi limodzi, ine ndi mnzanga Filimoni Nyirenda, amene ankaphunzitsa mudzi wa kutsidya kwa dambo. Tisananyamuke ndinagulitsa mbuzi, n'kupita kusitolo ya Mmwenye pa boma kukagula nsapato. Ndinali ndisanavalepo nsapato chibadwire. Ndinkaganiza kuti munthu sangalembe mayeso a boma zala zakuphazi zili pamtunda. Mmwenye anandionetsa zakuda zonyezimira, ndinadziona nkhope m'menemo, ndipo sindinafunsenso za kukula kwake. Njira yonse ndinazikoleka m'khosi ndi zingwe zake, kuopa fumbi. Anthu a m'midzi ankatipatsa moni mwaulemu kwambiri, ana n'kumatitsatira kuti aone nsapato zoyenda pachifuwa.

Lolemba m'mawa, tsiku la masamu, ndinazivala pakhomo la chipinda cha mayeso. Zinalowa movutikira, koma zinalowa. Kuchokera pakhomo kukafika pa benchi langa zinalira njira yonse, kwii, kwii, anthu makumi anayi onse n'kutembenuka. Pepala litabwera, samu yoyamba inali yogawa, yophweka ndithu, yoti ana anga a Sitandade 2 akanaipeza. Koma chala chachikulu cha kumanzere chinayamba kugunda ngati ng'oma. Ndikati ndiganize za nambala, chala chija n'kumati, "Yamba waganiza za ine." Ndinayesa kuvula ndi phazi linzake pansi pa benchi, koma phazi linali litatupa, nsapato inakana. Ndinatuluka thukuta, inki inadontha pa pepala, ndipo masamu amene ndinawadziwa bwinobwino ndinawaona ngati alendo. Ndiye ukumbukire, Esinati: tsiku la mayeso usavale, usadye, usagwire chinthu chachilendo. Vala diresi lako lakale la buluu lija. Lemba ndi nibu imene dzanja lako lazolowera, yatsopanoyo uiyese kaye masiku angapo. Oyesa aja amayang'ana pepala, mapazi alibe nawo ntchito.

Tsopano za Filimoni ndi muzu wake. Tili m'njira tinagona pa mudzi wina kumene mkulu wina, atamva kuti tikupita ku mayeso, anamukokera Filimoni kuseri kwa nkhokwe. Filimoni anabwerako akumwetulira, atafumbata kanthu m'thumba la jekete. Tili panjira anandinong'oneza kuti, "Zimba, mavuto athu atha. Uwu ndi muzu wa Chingerezi. Ukautafuna m'mawa, mawu amatuluka okha ngati madzi pa kasupe." Ine ndinati, "Filimoni, ife ndife anthu a mpingo. Lamulungu timaimika nyimbo." Iye anati, "Nanga muzuwu anaulenga ndani?" Ndinene zoona, sindinafune kumutsutsa. Chingerezi ndinkachiopa kuposa mkango.

Lachiwiri linali tsiku lowerenga Chingerezi mokweza pamaso pa mzungu woyendera sukulu, amene tonse tinkamutchula kuti Chimphuno iye kulibe. Ndinatafuna kachidutswa kakang'ono. Filimoni anati iye Chingerezi chake n'chofooka kwambiri, anatafuna zidutswa zitatu. Pamene dzina langa linkaitanidwa, lilime linali litachita dzanzi, lalikulu m'kamwa ngati mbatata. Ndinatsegula buku, ndinaona mawu, ndinawazindikira onse. Koma chimene chinatuluka pakamwa panga chinali kulira kwa ng'ombe yotsamwa ndi chitsononkho. Malovu anayamba kutsikira pachibwano. Chimphuno anatsitsa magalasi, n'kundifunsa m'Chinyanja chake chokhota kuti, "Iwe, dzino likupweteka?" Ndinagwedeza mutu kuvomera, bodza loyamba la sabata imeneyo. Filimoni yekha sanafike n'komwe pakhomo. Muzu unamugwira m'mimba, ndipo m'mawa wonse anauthera m'tchire kuseri kwa munda wa mishoni. Dzina lake linaitanidwa katatu, ife tikumva kubuula kwake chapatali. Ukumbukire, mwana wanga: kumeneko udzapeza wina wokhala ndi njira yachidule, kaya ndi muzu, kaya kapepala kobisa mu mpango, kaya wina wolumbira kuti wawaona kale mafunso. Umuyamike, umusiye. Mankhwala a Chingerezi ndi kuwerenga mokweza tsiku lililonse, monga umachitira pansi pa mtengo wa mango nkhuku zikukumvetsera.

Lachitatu ndinapita wopanda nsapato, wopanda muzu, mtima uli m'malo. Linali pepala la Chinyanja. Nditaona funso loyamba ndinatsala pang'ono kuimba: "Fotokozani mmene mlimi angasamalire ng'ombe zake." Ine, Yakobe Zimba, amene agogo anga anabwera ndi ng'ombe kuchokera kummwera, kundifunsa za ng'ombe! Ndinaviika nibu mu inki n'kuyamba. Ndinalemba za khola, kuti limangidwe pokwera matope asadye ziboda. Ndinalemba za nkhupakupa ndi malo amene zimabisala. Ndinalemba za msipu wa m'dambo nthawi ya chilimwe, za mwana wa ng'ombe wobadwa chotsogoza miyendo yakumbuyo, za mmene umadziwira ng'ombe yodwala poyang'ana mphuno yake. Ndinatchula ndi maina a ng'ombe zathu omwe, Mabala ndi Kamdima, n'kufotokoza kuti Kamdima ndi waulesi koma wanzeru. Ndinakweza dzanja kupempha pepala lina, kenako linanso. Anzanga ankandiyang'ana mwansanje. Ndili pakati pofotokoza mmene atate anapirikitsira fisi pa khola ndi chikuni cha moto, belu linalira. Apo m'pamene ndinayang'ana pamwamba pa pepala la mafunso, pamene panalembedwa ndi zilembo zazikulu kuti mafunso ndi asanu, tiyankhe onse, lililonse mizere khumi yokha. Mafunso anayi anatsala osakhudzidwa, ndipo lachinayi linali la miyambi, imene ndikanailemba nditatsinzina.

Ndiye ukumbukire, Esinati, ndipo ichi ndikuchinena kawiri chifukwa magazi ako ndi anga: werenga pepala lonse usanagwire cholembera. Werenga kuyambira pamwamba penipeni, pamene anthu amadumpha. Ukapeza funso limene ukulikonda, ulichenjerere, chifukwa ndi lomwelo limene lidzadye nthawi ya anzake. Iwe ukayamba kufotokoza za mbewu ndi maluwa sutha, ndakumva ukuphunzitsa ana. Gawa nthawi monga amayi ako amagawira nyama ya nkhuku imodzi pa anthu asanu ndi atatu, aliyense n'kupeza kake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachinayi ndilo tsiku limene ndimalikumbukira kwambiri, ndipo ndilo lofunika kwa iwe. Tsiku limenelo sulemba kanthu. Amakupatsa kalasi ya ana enieni kuti uwaphunzitse, oyesa atakhala kumbuyo ndi mabuku awo. Kwa ine anakhala Chimphuno ndi mphunzitsi wamkulu wa pa mishonipo, a Tembo, bambo wa imvi wosayankhulayankhula. Anandipatsa phunziro lowerenga, tsamba lonena za sitima ya pamtunda, lokhala ndi chithunzi chake. Ine sitima ndinali ndisanaionepo, ndipo mpaka lero sindinaione. Koma ndinayamba bwino. Ndinalemba mawu atsopano pa bolodi ndi dzanja langa labwino lija, ana anawerenga mzere ndi mzere, ndinawaimbitsa kanyimbo kotsanzira kulira kwa sitima, onse akusangalala. Ndinaona Chimphuno akugwedeza mutu, mtima wanga unakula.

Kenako kamtsikana kena ka kutsogolo, kogweluka mano awiri, kanakweza dzanja. "Aphunzitsi, sitimayo ikafika pothera njanji, imatembenuka bwanji kuti ibwerere kwawo?"

Ndinayang'ana chithunzi chija, sichinandithandize. Ndinamva maso a anthu awiri aja akundiboola. Ndinaganiza kuti mphunzitsi wonena kuti sadziwa walephera kale. Ndiye ndinatukula chifuwa n'kunena kuti, "Amuna amphamvu amainyamula n'kuitembenuza."

Mwana wina kumbuyo anati, "Koma atate anga anaikwera popita ku migodi, akuti ndi yaitali kuposa tchalitchi."

Ndinati, "N'chifukwa chake amakhala amuna ambiri."

Ana ena anayamba kuseka. Ine, pofuna kuonetsa kuti kalasi ndimaigwira, ndinamenya tebulo ndi ndodo n'kulamula kuti, "Nonse pamodzi! Sitima imatembenuka bwanji?" Ndipo ana makumi atatu anayankha ndi mawu amodzi, katatu konse, kuti, "Amuna amphamvu amainyamula n'kuitembenuza!" Nditayang'ana kumbuyo, Chimphuno anali atabisa nkhope yonse mu mpango, mapewa akugwedezeka. A Tembo sanaseke.

Madzulo ake a Tembo anandipeza nditakhala pa chitsa kuseri kwa sukulu. Anakhala pambali panga, n'kundipatsa nzimbe imene anali atasenda. Tinatafuna kanthawi. Kenako anati, "Bambo Zimba, theka loyamba la phunziro lanu linali labwino kuposa onse amene ndaona sabata ino. Ana mumawakonda, ndipo iwo amadziwa. Kusadziwa sitima si mlandu, inenso ndinaiona kamodzi kokha. Mukanati, 'Funso labwino, mwana wanga, ine sindidziwa, tiyeni tiwafunse Bwana ali kumbuyowa,' bwenzi nditakupatsani malikisi onse. Koma mwapatsa ana makumi atatu bodza, mwawalamula kuti alibwereze katatu. Usiku uno lifika m'nyumba makumi atatu." Sanakweze mawu ngakhale pang'ono, koma ndikanakonda akanandimenya mbama.

Esinati, mawu atatu awa uwasunge: "Sindidziwa, tiyeni tifufuze." Uwanene pamaso pa ana, uwanene pamaso pa oyesa, osachita manyazi. Mwana amakhulupirira mphunzitsi kuposa amayi ake. Chimene wamuuza amachitenga monga chilili, amakula nacho, amakachiuza ana ake. Kwinakwake ku Fotijemisoni lero kuli mayi wa ana atatu amene mwina akukhulupirirabe kuti sitima amainyamula pamapewa, ndipo mlandu wake ndi wanga. Ukakumana naye umupepese m'malo mwanga.

Zotsatira zinabwera mvula itayamba, ndi mthenga wa makalata wa ku boma. Ndinatsegula envulopu amayi ako ataima pambali ndi mtsuko pamutu. Ndinali nditakhoza zinthu ziwiri: kuimba ndi ulimi wa m'munda wa sukulu. Pa ziwirizo ndinaposa onse. Zina zonse ndinagwa. Nditawawerengera, amayi ako anatula mtsuko pansi, anaganiza pang'ono, n'kunena kuti, "Basi a Zimba, si zoipa. Muzikaimbira chimanga, chikula msanga." Ndinafuna kukwiya koma ndinapezeka ndikuseka nawo limodzi mpaka misozi. Iwe unabwera ukuthamanga, osadziwa chimene tikuseka, n'kuyamba kuseka nawe.

Za kukhala ndi anzako kumeneko sindinena zambiri, chifukwa unakhalapo kale ku sukulu yogonera komweko ya atsikana ndipo palibe anabwera kudzadandaula. Koma kuno n'kosiyana pang'ono. Akazi mudzakhala ochepa, mwina atatu kapena anayi pakati pa amuna ambiri, ena a iwo a msinkhu wanga, ophunzitsa kale zaka zambiri. Ena adzakufunsa kuti mwamuna wako ali kuti. Ena adzaseka Chinyanja chako, adzati chikununkha Chitumbuka. Usakangane nawo. Uwapatse ulemu wa atate, uwagawire mtedza, ndipo tsiku la masamu uwapose mwakachetechete. Ukaona wina wachikulire akuvutika ndi tizigawo, khala naye umuthandize, usamuchititse manyazi, chifukwa ameneyo ndi ine. Ndipo pamene sunamvetse, funsa, ngakhale onse akuoneka ngati amva. Safunsa anadya phula. Kawirikawiri ukafunsa umaona mitu khumi ikuweramira pa sileti kulemba yankho limene inkalifuna koma inkaopa kufunsa. Udye, ugone nthawi yake. Mutu wa njala ndi tulo sugwira kanthu, uli ngati dengu lotungira madzi.

Yatsala nkhani imodzi, ndipo iyi ndailemba pomaliza chifukwa dzanja limakana. Chaka chotsatira anatipatsanso mwayi. Filimoni anapita, wopanda muzu, anakhoza, ndipo lero ndi mphunzitsi wamkulu kufupi ndi malire a Nyasalande, ali ndi njinga. Za ine ukudziwa zimene ndakhala ndikukuuzani inu ana: kuti ndinanyamuka ndekha mochedwa, ndinafika pa mtsinje wa Lukusuzi n'kupeza wadzaza, ndinadikira masiku atatu madzi osaphwa, ndipo ndinabwerera chifukwa tsiku la mayeso linali litapita. Nkhaniyi ndainena kambiri, ndipo chaka chilichonse madzi aja akhala akukwera. Ulendo wina ndinakuuzani kuti ndinaona mitengo yathunthu ikukokoloka ndi anyani ali pamwamba.

Mwana wanga, mtsinje sunadzaze. Madzi ankalekeza mu akakolo. Ndinafika pa doko dzuwa lili pamutu, amayi akuoloka ndi madengu a ufa pamutu, mbuzi zikuoloka, ngakhale nkhuku ikanaoloka. Ine ndinakhala pa mwala kuti ndipume. Nditakhala pamenepo ndinaonanso mapewa a Chimphuno akugwedezeka, ndinamvanso ana aja akubwereza bodza langa, ndipo sindinadzuke pamwalapo. Ndinadziuza kuti ndioloka dzuwa likapendeka. Litapendeka ndinati ndioloka mawa. Ndinapempha malo pa mudzi wapafupi, ndinakhala masiku atatu ndikuwathandiza kufolera nkhokwe, ndinadya kamba yense amene amayi ako anandikonzera, kenako ndinatembenuka. Njira yonse yobwerera ndinkakonza nkhani ya madzi. Nditafika, amayi ako anandilandira katundu, anandipatsa madzi akumwa, anamvetsera nkhani yonse, n'kungoti, "Pepani, a Zimba. Chiuta wakusungani." Chaka chotsatira ndinati maso akundivuta. Chinacho ndinati ng'ombe zikudwala. Kenako anthu anasiya kufunsa.

Dzulo tikupalira fodya kudimba ndinawauza amayi ako kuti ndikufuna kuulula kanthu kena kwa iwe, koma ndiyambe ndi iwo. Ndinakonza pakhosi, ndinayamba kuti, "NyaMtonga, za mtsinje uja…" Iwo osaweramuka n'komwe anati, "Wa mu akakolo uja?"

Khasu linandigwa m'manja. Ndinati, "Munadziwa?"

Anati, "Sabata yomweyo. Mlamu wanga wogulitsa mchere anaoloka tsiku lomwelo, anakuonani mutakhala pa mwala ngati kakowa. Anafika kuno inu musanafike."

"Nanga bwanji simunanene zaka zonsezi?"

Apo m'pamene anaweramuka, n'kupukuta thukuta ndi nsonga ya nsalu. "Munthu wagwa kale, ndimuponderenso? Ndinati adzanena yekha akadzapeza mphamvu. Kungoti sindinkadziwa kuti mphamvuzo zitenga zaka khumi ndi zinayi. Koma anyani aja munawonjeza, a Zimba. Tsiku la anyani ndinatuluka panja kuti ana asandione ndikuseka."

Tinaseka m'mundamo mpaka anthu a munda woyandikana anaimika makasu. Koma ndikuuze zoona, Esinati. Kugwa kwa ulendo woyamba sikunandipweteke nthawi yaitali. Nkhaniyo ndimaifotokoza pa maukwati anthu n'kumagubuduka ndi kuseka. Chimene chandilemera zaka zonsezi ndi mwala uja. Ulendo wachiwiriwo ndinali wokonzeka. Masamu ndinali nditawabwereza chaka chonse, Chingerezi ndinkawerengera ng'ombe kubusa, ndipo ndikukhulupirira kuti ndikanakhoza. Koma sindidzadziwa. Munthu amene walowa n'kugwa amadziwa pamene wagwera, amakonza. Amene wabwerera pakhomo alibe chokonza, amangotsala ndi nkhani yoti azikometsera.

Choncho pa zonse zimene ndalemba, ukaiwala zina usaiwale ichi: ulowe. Tsiku limenelo mantha adzabwera, amabwera kwa aliyense. Mutu udzakuuza kuti zonse zimene unaphunzira zauluka. Ndi bodza, zilimo, zimabwerera ukangolemba mzere woyamba. Upemphere mwachidule, upume katatu, ulowe, ukhale pansi. Pepala limodzi likakuvuta, usalitengere ku pepala la mawa. Ukatuluka usaime pagulu la ofunsana mayankho, amenewo amangodwalitsana mitima.

Ndipo ukagwa, chifukwa munthu amagwa, ubwere kunyumba masana, njira yapakati pa mudzi, mutu uli m'mwamba. Unene kuti, "Adada, ndagwa masamu," kapena chilichonse chimene chakugwetsa. Tidzapha nkhuku yomweyo imene tikanapha utakhoza, tidzakhala pansi ndi sileti, ndipo chaka chamawa udzakweranso lole. Za sukulu ndidzapita ndekha kwa akuluakulu a mishoni kukawapempha kuti atidikire chaka china, pakamwa ndili napo. Koma ine sindikuona kugwa. Ndakuyang'ana ukuphunzitsa ana a Sitandade 1 miyezi yonseyi. Tsiku lina mwana anakufunsa chifukwa chake mwezi umatitsatira tikamayenda, ndipo ndinaima panja pa zenera mtima uli m'mwamba. Iwe unati, "Sindinaganizepo. Mawa aliyense abwere ndi maganizo ake, inenso ndikafunsa." Palibe anakuphunzitsa zimenezo. Ndinapita kuseri kwa sukulu, ana asaone mphunzitsi wamkulu akupukuta m'maso.

Pepala latha, ndipo masiku ano a nkhondo mapepala ndi osowa, ili ndang'amba pakati pa kaundula wakale. Amayi ako akundiitana kuti ndikamange bokosi ndi luzi, azakhali ako alephera. Akuti ndikuuze kuti mtedza wa m'kathumba kofiira ndi wa mchere, wa m'koyera ndi wopanda, ndipo usagawe wonse tsiku loyamba. Utilembere ukafika, ngakhale mizere itatu.

Mawa, dzuwa likamafika pamutu, lole idzatsika pa doko la Lukusuzi. Mwezi uno mulibe madzi ambiri. Usuzumire kumanja, pali mwala waukulu wosalala pansi pa mkuyu. Uuyang'ane bwinobwino mtsinje umene unabweza atate ako. Useke mokweza, anthu a m'lole adabwe. Kenako uoloke.

Nditsanzike m'Chitumbuka chathu: uyende makora, mwana wane.

Ndine atate ako,
Yakobe Zimba